MANKHWALA A KUTUPA: KODI ALI M'BOTOLO KAPENA MUMPHIKA?

Nyengo ya malonda a mbeu ikafika, alimi atagulitsa cimanga, nshawa, thonje ndi soya, m'misika ya m'Cigawo ca Kum'mawa mumaoneka amalonda a mtundu wina. Iwo sagulitsa mcere kapena zitenje, koma timabotolo ndi timapaketi ta ufa ndi madzi ocokera ku masamba ndi mizu, monga moringa, jinja, adyo ndi malambe. Pa pepala lomatidwa pa botolo pamalembedwa kuti mankhwalawo aciza nyamakazi, msana, kutupa kwa miyendo, shuga ndi kuthamanga kwa magazi, zonsezi nthawi imodzi. Amalonda otere amapezekanso m'mabasi a pa mseu wa Great East, ndipo ena amafalitsa uthenga wao pa lamya za m'manja.

Banja limene lili ndi nkhalamba yodwala maondo kumakhala kobvuta kuti lipitirire botolo lotere osaima. Motero ndalama imene inayenera kugula feteleza kapena nsapato za mwana wa sukulu imathera pamenepo. Coopsa koposa n'cakuti anthu ena amaleka mankhwala amene analandira ku cipatala pokhulupirira kuti apeza abwino koposa. N'cifukwa cace nkhaniyi ifuna kufotokozera owerenga zimene akatswiri a zaumoyo apeza pa mphamvu ya zomera yocepetsa kutupa, pamene pali coonadi, ndi pamene pali kunyenga.

KUTUPA N'CIANI?

Munthu akadzitema ndi khasu kapena kulasidwa ndi minga, malo obvulalawo amafiira, amatentha, amatupa ndipo amawawa. Zizindikiro zinai zimenezi zinalembedwa kalekale ndi Celsus, mlembi wa ku Rome, zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, ndipo ophunzira udotolo amaziloweza kufikira lero. Adotolo amacha mkhalidwe umenewu inflammation, liu locokera ku Cilatini limene litanthauza kuyaka moto.

Kutupa kotere si nthenda ai, koma ndi nkhondo ya thupi. Pamene khungu lang'ambika, mitsempha ing'onoing'ono ya magazi imakula kuti magazi ambiri afike pa bala. Ndiko kufiira ndi kutentha kumene timaona. Madzi a m'magazi amatulukira m'minofu pamodzi ndi asilikali a thupi amene amapha tizirombo, ndipo ndiko kutupa. Kuwawa nako kuli ndi nchito yace, pakuti kumaletsa munthu kuponda ndi mwendo wobvulala. Nkhondo ikatha, thupi limazima moto wace ndipo bala limapola.

Bvuto limayamba pamene motowo ukana kuzima. Aliyense adziwa citsa cimene cimanyeka pansi pa phulusa masiku ambiri munda utaochedwa, osaonetsa lawi. M'thupi namo mumatha kukhala kutupa kotero, kwapang'onopang'ono, kosaoneka ndi maso ndiponso kosawawa, koma kokhalitsa zaka. Kusuta fodya, utsi wa nkhuni m'nyumba yopanda mazenera, mowa wambiri, kunenepa kwambiri makamaka pamimba, mano ndi nkhama zoola, ndi matenda okhalitsa osacizidwa, zonsezi zimasonkhezera moto umenewu. M'kupita kwa nthawi umaononga mitsempha ya magazi, ndipo umathandizira kubweretsa nthenda ya mtima, kufa ziwalo, shuga ndi mitundu ina ya khansa.

Adotolo amatha kuyesa moto wobisikawu popima m'magazi cinthu cochedwa CRP, cimene cimapangidwa ndi ciwindi ndipo cinadziwika koyamba m'caka ca 1930 ku New York. M'caka ca 2017 zotsatira za kufufuza kwakukuru zinalengezedwa. Anthu oposa 10,000 amene anadwalapo mtima ndipo CRP wao anali wokwera anagawidwa m'magulu, ena n'kumabayidwa mankhwala ozima kutupa, ena ai. Pakati pa obayidwa, kudwalanso mtima ndi kufa ziwalo kunacepa ndi magawo pafupifupi 15 pa 100. Koma pakati pa omwewo, akufa ndi matenda a tizirombo anaculukirapo. Phunziro lace lili pawiri: kutupa kokhalitsa kumaonongadi mtima, koma kufooketsa asilikali a thupi mopitirira nako kuli ndi mtengo wace.

Nkhaniyi si ya maiko akutali okha. Kufufuza kumene Unduna wa Zaumoyo unacita m'caka ca 2017 mothandizana ndi bungwe la World Health Organization kunapeza kuti munthu wamkuru mmodzi mwa asanu m'Zambia anali ndi magazi othamanga, ndi kuti anthu pafupifupi 9 mwa 10 sanali kudya ndiwo za masamba ndi zipatso zokwanira.

PHUNZIRO LA MTENGO WA MSONDODZI

Palibe dotolo woona amene angatsutse kuti m'zomera muli mankhwala. Aspirin, amene amadziwika m'mudzi uliwonse, mbiri yace inayambira ku khungwa la mtengo. M'caka ca 1763 mbusa wina wa ku England, Edward Stone, analembera bungwe la Royal Society kuti anapatsa ufa wa khungwa la msondodzi anthu pafupifupi 50 odwala malungo a kutentha thupi, ndipo ambiri anapeza bwino. M'caka ca 1828 akatswiri a ku Germany anapatula m'khungwamo cinthu cimene cinali ndi mphamvuyo. M'caka ca 1897 Felix Hoffmann wa kampani ya Bayer anapanga mtundu wace wosapweteka kwambiri m'mimba, ndipo unayamba kugulitsidwa m'caka ca 1899 ndi dzina lakuti aspirin.

Ngakhale zinali tero, panapita zaka zina zoposa 70 anthu asanadziwe m'mene mankhwalawa amagwirira nchito. M'caka ca 1971 John Vane wa ku London anaonetsa kuti aspirin amaletsa thupi kupanga timadzi tochedwa prostaglandin, timene timabweretsa kuwawa, kutentha ndi kutupa. Cifukwa ca nchito imeneyi analandira mphoto ya Nobel m'caka ca 1982.

Owerenga aone kutalika kwa ulendowu. Kucokera pa khungwa kufika pa mbulu wodziwika muyeso wace, mphamvu yace ndi kuopsa kwace, panapita mibadwo. Ndipo ngakhale aspirin ndi brufen, amene ayesedwa kotere, amatha kubweretsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso ngati munthu amamwa masiku ambiri popanda uphungu. Ciliconse cimene cili ndi mphamvu yociza cili ndi mphamvunso yopweteka, cikhale cocokera ku fakitale kapena ku thengo.

ZIMENE ZAPEZEKA M'ZOKOMETSERA NDIWO

Jinja wayesedwa pa anthu odwala maondo. M'caka ca 2001 ku America anthu 247 a nyamakazi ya m'maondo anayesedwa kwa milungu 6. Ena anapatsidwa mibulu ya madzi oumitsidwa a jinja ndi muzu wina wa mtundu wace, ena mibulu yofanana nayo koma yopanda mankhwala, ndipo palibe amene anadziwa cimene anali kumwa. Mwa omwa jinja, 63 pa 100 ananena kuti kuwawa poimirira kunacepa. Mwa omwa mibulu yacabe, 50 pa 100 ananenanso cimodzimodzi. Kusiyanaku n'koona koma n'kocepa, ndipo omwa jinja ambiri anadandaula za kutentha pa cifuwa.

Nambala ya 50 ija iyenera kusinkhidwa bwino. Theka la anthu amene sanamwe mankhwala alionse anamva bwino. Nyamakazi imabwera ndi kupita, ndipo ciyembekezo pacokha cimacepetsa ululu. N'cifukwa cace umboni wa munthu mmodzi wonena kuti botolo lakuti linam'thandiza, ngakhale anene ndi mtima woona, sukwanira kutsimikiza kuti botololo ndilo linaciza.

Muzu wina wochuka ndi turmeric, mbale wace wa jinja, amene ufa wace wacikasu umapezeka m'zokometsera za amwenye. Cinthu ca mphamvu m'muzuwu cimachedwa curcumin, ndipo cimangokhala magawo pafupifupi 3 pa 100 a ufawo. M'nyumba zopimira zinthu curcumin amazimadi kutupa. Koma munthu akam'meza, wocepa kwambiri ndi amene amalowa m'magazi, wotsalayo amatuluka ndi cimbudzi. M'caka ca 1998 akatswiri a ku Bangalore m'dziko la India anapeza kuti kusakaniza curcumin ndi mphamvu ya tsabola wakuda kumam'lowetsa m'magazi kowirikiza ka 20. Makampani anayamba kupanga mibulu yotere. M'caka ca 2019 ku Italy anthu oposa 20 anadwala ciwindi atamwa mibulu ya turmeric, ndipo odwala otere aonekanso ku America. Ufa umene sunapwetekepo munthu mumphika unasanduka coopsa kwa ena pamene unapanikizidwa m'mbulu.

Tsabola wowawa ali ndi cinthu cochedwa capsaicin. David Julius wa ku America anaonetsa m'caka ca 1997 kuti cinthuci cimagwira mitsempha yomweyo imene imamva kutentha kwa moto, ndipo analandira mphoto ya Nobel m'caka ca 2021. Mafuta opaka opangidwa ndi capsaicin amatopetsa mitsempha imeneyi kotero kuti ululu wa pa bondo umacepa pakapita masiku. Amenewa ndi mafuta oyesedwa muyeso. Kupaka tsabola wosinja pa bala, pa mphini kapena pa khungu la mwana kumaocha ndipo sikuciza.

Adyo naye ali ndi mphamvu yace, imene imabadwa pamene adyoyo wasinjidwa kapena kudulidwa. N'cifukwa cace n'kwabwino kum'sinja ndi kum'siya mphindi pafupifupi 10 asanalowe mumphika. Monga cokometsera ndiwo, adyo ndi wabwino. Koma m'caka ca 2002 akatswiri a ku America anapeza kuti mibulu ya adyo inacepetsa ndi theka mphamvu ya mtundu wina wa ma ARV m'magazi. Mibulu ya adyo, ya jinja ndi ya turmeric ingathenso kuonjezera kutaya magazi kwa anthu amene amamwa mankhwala osungunula magazi.

Nanga moringa, amene ena amam'cha cam'mwamba? Masamba ace ndi ndiwo yabwino, ya zomanga thupi, ayironi ndi vitamini A, ndipo mtengo wace umapirira cilala. Koma zambiri zimene zimanenedwa za mphamvu yace yozima kutupa zinaoneka pa makoswe ndi m'timbale ta m'nyumba zopimira. Kuyesa pa anthu kwakhala kwa magulu ang'onoang'ono ndi kwa nthawi yocepa. Mizu ndi khungwa lace siziyenera kumwedwa, makamaka ndi amai apakati.

KHOSWE SI MUNTHU, MBULU SI NDIWO

Wamalonda akanena kuti akatswiri atsimikiza, funso loyamba likhale lakuti: anatsimikiza pa yani? Kufufuza kuli ndi makwerero atatu. Poyamba madzi a comera amathiridwa pa tizidutswa ta thupi m'kambale. Paciwiri amapatsidwa kwa makoswe, kawirikawiri pa muyeso waukuru umene munthu sangaufikire pakudya. Pacitatu amayesedwa pa anthu ambiri, ena opatsidwa ena osapatsidwa. Zomera mazanamazana zimapambana pa khwerero loyamba, koma zocepa kwambiri ndi zimene zimafika pa lacitatu.

Pali citsanzo cimodzi cimene adotolo saiwala. Kwa zaka zambiri kunaoneka kuti anthu okonda ndiwo za masamba ndi zipatso zacikasu sanali kudwala kwambiri khansa ya m'mapapo. Akatswiri anaganiza kuti cinsinsi cace cinali beta-carotene, cinthu cimene cimapatsa maungu, mango ndi mapapaya mtundu wao. Anacipatula n'kuciika m'mibulu. Ku Finland amuna osuta fodya oposa 29,000 anayesedwa, ndipo m'caka ca 1994 kunapezeka kuti khansa ya m'mapapo inaculuka ndi magawo 18 pa 100 pakati pa omwa mibuluyo. Kufufuza kwina ku America kunaimitsidwa m'caka ca 1996 pa cifukwa cofanana. Dzungu silinapwetekepo munthu, koma cinthu cimodzi cocotsedwa m'dzungu ndi kuperekedwa pa muyeso waukuru cinapweteka.

Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. M'maiko ambiri oyang'anira mankhwala apeza kuti mabotolo ena olembedwa kuti ndi a zitsamba zokha anali osakanizidwa mobisa ndi mankhwala amphamvu a ku cipatala oletsa ululu. Wodwala amamvadi bwino msanga, koma pakapita miyezi nkhope imatupa, shuga amakwera, kapena impso zimaonongeka.

UMBONI WA CAKUDYA CA MAKOLO

Pamene umboni wa mibulu uli wofooka, umboni wa cakudya cathunthu ndi wolimba, ndipo wina unacokera mu Africa muno. M'caka ca 2015 Stephen O'Keefe wa ku yunivesite ya Pittsburgh anafalitsa zotsatira za kuyesa kodabwitsa. Anatenga anthu akuda 20 a ku America ndi anthu 20 a ku midzi ya KwaZulu-Natal ku South Africa, n'kuwasinthanitsa cakudya kwa milungu iwiri. A ku America anadya za cimanga, nyemba ndi masamba, pamene a ku midzi anadya nyama ya mafuta ndi zokazinga. Milungu iwiri yokha inakwanira. Zizindikiro za kutupa m'matumbo a anthu a ku America zinatsika, ndipo za anthu a ku midzi zinakwera.

M'caka ca 2025 akatswiri a ku Moshi m'dziko la Tanzania, pamodzi ndi anzao a ku Netherlands, anafalitsa kufufuza kofanana pa anyamata 77 a m'dera la Kilimanjaro. Amene anasiya nthoci zophika, nyemba, mawere, mapira ndi masamba n'kuyamba buledi woyera, soseji ndi zokazinga, zizindikiro za kutupa m'magazi mwao zinakwera m'milungu iwiri. Amene anabwerera ku cakudya ca makolo, zizindikirozo zinatsika, ndipo zina mwa zosinthazo zinali kuonekabe patapita milungu inai. Magulu a anthuwa anali ang'ono ndipo nthawi inali yocepa, koma zotsatira za ku South Africa ndi za ku Tanzania zikuloza njira imodzi.

Cifukwa cace cikudziwika ndithu. M'matumbo a munthu mumakhala tizirombo tabwino tosawerengeka, ndipo cakudya cao ndi gaga ndi ulusi wa m'masamba, m'nyemba ndi m'zipatso umene mimba siigaya. Tikadya zimenezi, tizirombo timeneti timapanga timadzi timene timadyetsa khungu la m'kati mwa matumbo ndi kukhazika pansi asilikali a thupi. Ufa woyera kwambiri, shuga ndi zakumwa zozizira za m'mabotolo sizisiyira tizirombo timeneti kanthu. Apa ndi pamene nsima ya mgaiwa ipambanira ya ufa woyera, ndipo kayera, nyemba ndi nzama zipambanira soseji.

Za nshawa nazo pali mau abwino. Ku Spain anthu 7,447 acikulire anatsatidwa kwa zaka pafupifupi 5, ndipo amene anaonjezera mtedza wa m'mitengo wodzaza dzanja limodzi tsiku lililonse, kapena mafuta a olive, pa cakudya ca masamba, nyemba ndi nsomba, anacepetsa kudwala mtima ndi kufa ziwalo ndi magawo pafupifupi 30 pa 100. Mitedza ya ku Spain siimera kuno, koma m'caka ca 2015 kufufuza kwina pa anthu oposa 200,000 a ku America ndi a ku Shanghai m'dziko la China kunaona kuti okonda nshawa nawo sanali kufa kwambiri ndi nthenda ya mtima. Cigawo cathu, kumene kuli malo ofufuza za malimidwe a Msekera pafupi ndi Chipata, ndico nkhokwe ya nshawa ya dziko lino. Ndiwo zotendera si cakudya ca amphawi monga ena amaganizira.

Masamba obiriwira monga cibwabwa, kholowa, bonongwe, luni, khwanya ndi cigwada ali ndi zinthu za m'gulu lomwelo la zimene zimagulitsidwa m'mibulu, koma pa muyeso umene thupi linazolowera. Lepu, mpiru ndi kabici ndi abale a broccoli, ndiwo imene akatswiri a ku Johns Hopkins anapezamo m'caka ca 1992 cinthu codzutsa citetezo ca thupi. Mapira ofiira ndi mawere ali ndi mphamvu m'khungu lao lofiiralo. Malambe, amene ana a m'cigwa ca Luangwa amatola pansi, ali ndi vitamini C woposa wa malalanje, ndipo maiko a ku Europe anabvomereza ufa wace kugulitsidwa kwao m'caka ca 2008. N'comvetsa cisoni kuti munthu agule pa mtengo wokwera, m'paketi yokongola, cipatso cimene cikugwa kuseri kwa nyumba yace.

KAPHIKIDWE NDI KASUNGIDWE

Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkuru adye magalamu 400 a ndiwo za masamba ndi zipatso tsiku lililonse, ndiko kuti manja odzaza pafupifupi asanu, ndi kuti mcere usapitirire magalamu 5, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi. Malangizo a kadyedwe amene Boma linatulutsa m'caka ca 2021 nawo amalimbikitsa kudya zakudya za mitundumitundu zopezeka kwathu konkuno. M'nyumba zambiri ndiwo imangokhala yopatsira nsima njira. Cofunika ndi kuonjezera mbale ya ndiwo, ndi kusintha mitundu yace.

Kaphikidwe kali ndi mbali yace. Masamba atsukidwe asanadulidwe, aphikidwe ndi madzi ocepa kwa nthawi yaifupi, ndipo msuzi wace usatayidwe pakuti mavitamini ena amasungunukira m'menemo. Soda ndi cidulo zimafewetsa delele koma zimapha vitamini C ndi mavitamini ena, motero zicepetsedwe. Nsinjiro kapena saladi pang'ono zimathandiza thupi kutenga vitamini A wa m'masamba. Koma saladi wokazingira kambirimbiri mpaka kuda sayenera kugwiritsidwanso nchito. Cigwada cisinjidwe ndi kuphikidwa mpaka kupsa bwino, cifukwa masamba a cinangwa osapsa ali ndi ululu wakupha.

Mfutso ndi nzeru ya makolo yoyenera kusungidwa. Masamba oviikidwa pang'ono m'madzi owira, n'kuyanikidwa pa mthunzi podutsa mphepo m'malo mwa padzuwa lamphamvu, amasunga mtundu ndi mphamvu yao yambiri, ndipo m'zikwatu amafikitsa banja ku miyezi imene madimba auma.

Nshawa ndi cimanga ziume bwino zisanalowe m'nkhokwe. Zonyowa zimamera cuku cimene cimatulutsa poizoni wochedwa aflatoxin, amene amaononga ciwindi ndipo safa ndi kuphika kapena kukazinga. M'caka ca 2024 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti poizoni ameneyu anapezeka mu ufa wina wogulitsidwa m'dziko lino. Nshawa zofota, zoola, zakuda kapena zowawa zitayidwe, ndipo zisasinjidwe kukhala nsinjiro za phala la ana.

KUTUPA KUMENE SIKUDIKIRA

Liu lakuti kutupa m'cinenero cathu limanyamula zinthu zosiyana, ndipo apa ndi pamene miyoyo imatayika. Pali kutupa kwina kumene si moto ai, koma madzi oculuka m'thupi. Mwana wotupa mapazi ndi nkhope, wa tsitsi lofiirira ndi wosasangalala, ali ndi nthenda ya kusowa cakudya ndipo afunika cipatala tsiku lomwelo. Mai wapakati wotupa nkhope ndi manja, womva mutu kwambiri kapena woona zinthu mwa cimbuuzi, angakhale ndi magazi othamanga amene angaphe iye ndi mwana yemwe. Munthu wamkuru wotupa miyendo yonse iwiri ndi kubanika pogona angakhale ndi mtima, impso kapena ciwindi cofooka.

Cimodzimodzinso bondo lotupa mwadzidzidzi, lotentha, pamodzi ndi kutentha thupi. Bala la mafinya limene kufiira kwace kukukwera. Bala la pa phazi la munthu wa shuga. Mwendo umodzi wotupa ndi kuwawa. Cotupa ca m'bere kapena m'khosi cimene sicicoka. Ndi kutupa kwa wolumidwa ndi njoka. Zonsezi palibe tiyi wa jinja kapena ufa wa moringa umene ungaziletse. Tsiku lililonse lotayidwa poyesa botolo ndi tsiku lopatsidwa kwa nthenda.

MUSANATULUTSE NDALAMA

Lamulo la mankhwala la m'caka ca 2013 linakhazikitsa bungwe la Zambia Medicines Regulatory Authority, limene nchito yace ndi kuona kuti mankhwala ogulitsidwa m'dziko, kuphatikizapo a zitsamba a m'mabotolo, ndi obvomerezeka. Wogula ali ndi ufulu wofunsa ngati botolo linalembetsedwa, amene analipanga, zimene zili m'kati ndi tsiku limene mphamvu yace ithera. Botolo lopanda zimenezi, kapena lolonjeza kuciza matenda khumi, libwezedwe kwa mwini wace.

Amene amamwa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga, a magazi othamanga kapena a khunyu asaleke ngakhale tsiku limodzi cifukwa ca zitsamba, ndipo auze anamwino ciliconse cimene akumwa pambali. Amai apakati, oyamwitsa, ana ang'ono ndi odwala impso kapena ciwindi apewe mibulu ndi madzi a zitsamba amene sanalembedwe ndi dotolo. Munthu amene maso ace asanduka acikasu kapena mkodzo wace wada atayamba botolo latsopano aleke pomwepo, apite ku kiliniki atanyamula botololo.

Kwa agogo odwala maondo, zimene zatsimikizika kuthandiza ndi kuyenda pang'ono tsiku lililonse, kulimbitsa minofu ya nchafu, kucepetsa thupi ngati ndi onenepa, ndodo yoyendera, ndi mankhwala a ululu pa muyeso umene a cipatala anena. Tiyi wa jinja m'mawa saletsedwa, ndipo angathandizeko pang'ono.

Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Moto wobisika wa m'thupi suzimidwa ndi botolo limodzi la mwezi wokolola, koma ndi mbale ya tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Anyakwawa, magulu a amai ndi alangizi a zamalimidwe alimbikitse banja lililonse kukhala ndi dimba kapena kamunda ka masamba pafupi ndi nyumba, kusiyako nshawa ndi nyemba zina zosagulitsa, kufutsa masamba mvula isanathe, ndi kusunga mitengo ya masuku, masau ndi malambe pamene akutema minda. Ndalama imene ikanapita ku botolo igule mbeu ya ndiwo ndi mbande ya mpapaya.